Chitenje cha Utsi wa Milamba

Tiyamike, iwe ndi azing'ono ako mwakhala mukundifunsa za chitenje chothimbirira chija chili pansi pa sutikesi, chimene ndimakuletsani kuchapa. Tsopano poti ndapuma pa ntchito, ndipo maondo sakundilolanso kulowa m'matope, ndagula kope kuti ndikulembereni. Za ubwana wanga sindilemba, mulibe kanthu. Ndinalekeza Sitandade 7, ndinakwatiwa ndi bambo anu, ndinalima mpunga ngati mkazi wina aliyense kwa Mwambo kuno. Ndiyambira pa tsiku limene galimoto yoyera inaima m'mphepete mwa munda wathu.

Malichi, chaka choyamba

Iwe Tiya unali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Bambo ako anali kunyanja, ku chimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pamwamba pa udzu woyandama, ndipo akapita ankatha mwezi ndi theka osatsikira kumtunda. M'galimoto muja munatuluka mayi wamtali wa chipewa ndi jombo, a Dokotala Malunga, osati dokotala wa kuchipatala koma wa maphunziro. Anali ndi bambo wina wa ku Songani, Che Saidi, amene ankasamala makina. Anthu titasonkhana, Che Saidi anafotokoza kuti kumwamba kuli setilaiti imene imadutsa pamwamba pa nyanja yathu pakatha milungu iwiri iliyonse n'kujambula dziko. Koma chithunzi pachokha sichinena ngati mpunga uli bwino kapena wayamba kumva ludzu. Pamafunika munthu aime m'munda tsiku lomwelo, ayeze kuwala kwa dzuwa kumene masamba akubweza, kenako ayerekeze ndi chithunzicho. Akatero, anati, m'tsogolo adzadziwa msanga minda imene ikuuma nyanja ikayamba kuthawa, monga mukudziwa kuti Chilwa amathawa.

Ankafuna munthu wogwira ndodo. Inali ndodo yaitali, kumapeto kwake kuli kagalasi koyang'ana pansi kamene ankakatcha diso, ndipo pamwamba pake panali kabotolo ka madzi kokhala ndi kathovu. Ntchito inali kutambasula ndodo pamwamba pa mpunga, kathovu kakhale pakatikati, osagwedezeka. Amuna anayi anayesa. Woyamba mikono inanjenjemera, wachiwiri ankatembenuka kuti aone ngati anzake akumuona. Wachitatu ankachita bwino, koma kunabwera mtambo, a Dokotala n'kunena kuti adikire choncho mpaka udutse, iye n'kuika ndodo pansi kuti apichire fodya. Ine ndinaseka. Sindinafune kuti andimve, koma a Dokotala anatembenuka.

"Amayi mukusekanu, bwerani muyese."

Ndinalowa m'madzi iwe uli kumbuyo, uli mtulo. Munthu amene wasenza ndowa yodzadza kuchokera kumjigo ali ndi mwana kumsana sangavutike ndi kathovu. Ndinakaika pakati, ndipo mtambo wina utabwera ndinangoima mpaka unapita. Che Saidi anandiitana kuti ndione pa kompyuta imene anaikoloweka m'khosi. Panali mzere. Unakwera pang'ono, n'kutsika, kenako n'kulumpha ngati phiri la Chikala. Anandiuza kuti kachitunda kakang'onoko ndi kubiriwira kumene maso athu amaona, koma phiri lalikululo ndi kuwala kwina kumene munthu sangakuone, kumene mpunga wathanzi umabweza kwambiri. Ndinayang'ana mpunga, ndinayang'ana mzere. Mpunga umenewu ndinaubzala ndekha, ndinaupalira ndekha, koma sindinkadziwa kuti ukuwala mwa njira ina imene ine sindiona. Madzulo ake ndinafotokozera aliyense amene anandipatsa moni, ngakhale amene sanafunse.

Anandilemba ntchito tsiku lomwelo. Anandionetsa mbale yoyera mbee imene inkakhala m'bokosi, n'kundiuza kuti tisanayeze mpunga timayamba taloza diso pa mbaleyo kuti makina adziwe mphamvu ya dzuwa la nthawi imeneyo, ndipo timabwereza pafupipafupi. Mbale imeneyi sinkakhudzidwa ndi chala. Che Saidi anandinong'oneza kuti amene ankagwira ndodo ku mudzi wina ine ndisanabwere anachotsedwa ntchito chifukwa cha mbale yomweyo. Pomaliza a Dokotala anandipatsa chijasi chakuda chofika m'miyendo, n'kunena kuti ndizivala nthawi zonse poyeza. Zifukwa za malamulo onsewa, anati, ndidzaziphunzira pa kompyuta, maphunziro ake ali m'njira. Ine sindinafunse. Ndinaganiza kuti ndi yunifolomu.

Epulo

Masiku atatu oyamba chijasi ndinkavulira kumunda. Lachinayi ndinanyada, ndinapita nacho kunyumba chili m'thupi, n'kudzera dala kwa apongozi anga, agogo anu a Felesiya, kuti andione. Inu munawadziwa atakalamba, atafatsa. Nthawi imeneyo anali mayi wowamba milamba wodziwika mpaka ku Kachulu, ndipo pakamwa pawo panali potentha kuposa moto wawo. Ndinawapeza akutembenuza nsomba pa waya, utsi uli tolo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amake Tiya, wamwalira ndani?"

Ndinati palibe, ndi zovala za kuntchito.

"Mwana wanga ali pamadzi, inu mwayamba kale kumulira?"

Ana inu a masiku ano mumavala zakuda popita kuukwati, mwina simungamvetse. Kwathu kuno mkazi ankavala zakuda zokhazokha mwamuna akamwalira, ndipo kuchita zimenezo mwamuna ali kunyanja kunali ngati kumuitanira ngozi. Mawa lake kumjigo amayi awiri anandigwira dzanja n'kunena pepani. Apongozi anatumiza mawu kwa amalume anga kuti bwato la mwana wawo likagubuduzika, adziwa kumene akafunse. Ndiye ine, poganiza kuti ndachenjera, ndinapeza njira. Chijasi ndinkavala ndithu, koma pamwamba pake ndinkamanga chitenje changa chachikasu cha mpendadzuwa m'chiuno, n'kukuberekera iwe ndi china chofiira chodutsa pachifuwa. Ukandiona kutsogolo, chakuda chinali manja okha. Mudzi unakhala chete.

A Dokotala anali atabwerera ku tauni kukaphunzitsa, ndipo anatisiya awiri kwa milungu itatu. Che Saidi atandiona anakanda kumutu, n'kunena kuti mayi aja sadzakondwa. Nditamufotokozera za apongozi anaseka, anati nayenso ali ndi apongozi, ndipo poti chijasi ndavala, ndavala. Tinagwira ntchito.

Inali milungu yokoma, ana anga. Tinkayamba cha m'ma teni n'kulekeza thu koloko, dzuwa lili pamutu. Zosowa zinalipo zambiri. Batire ya makina inkatha msanga ndipo kotchajira kunali ku Songani, Che Saidi ankapalasa njinga ulendo wonsewo. Jombo zinali peyala imodzi, tinkabwerekana, ndipo amene alibe tsiku limenelo misundu inkamudya. Masiku ena mitambo inkatikhazika pansi pa mtengo mpaka nthawi kutha osayeza kanthu. Koma dzuwa likatuluka ndinkathamangira m'munda ngati mwana. Ndinafika pomalosera mzere ndisanauone. Ndikayang'ana mpunga wa Faya wa kumtunda ndinkati uwu phiri lake likhala lalifupi, ndipo likakhaladi lalifupi Che Saidi ankati posachedwa ndimulanda ntchito. Setilaiti inadutsa kawiri m'milungu imeneyo, ndipo masiku onse awiri kunja kunali mbee. Tinayeza minda yonse imene a Dokotala anaika zikhomo, mpaka wa Mayi Asiyatu, mnansi wathu, umene unali kumapeto kwenikweni kumene madzi amayambira kuphwa.

Kumapeto kwa Epulo

Maphunziro aja anafika mochedwa, pa kambale konyezimira kolowetsa mu kompyuta. Tinkaphunzirira ku Songani, m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya achimwene ake a Che Saidi chifukwa kunali magetsi, ndipo tinkapita masiku a mitambo okha. Tsiku loyamba ndinkaopa kugwira kachipangizo kosunthira kamuvi pa kompyuta, ndinkakagwira ngati dzira. Mawu anali a Chingerezi, Che Saidi ankamasulira, koma zambiri zinali zithunzi zoyenda. Phunziro likatha kompyuta inkafunsa mafunso. Ukalakwa inkaonetsa mtanda wofiira n'kukubweza poyambira, ukakhoza inkalira kabelu. Ndinaikonda chifukwa sinkatopa. Kusukulu ndikafunsa kachiwiri aphunzitsi ankatenga ndodo, koma iyi ndinkatha kuibwereza kasanu, iwe ukuyamwa, osamva mawu oipa.

Apa ndi pamene malamulo aja anayamba kukhala ndi nkhope. Ndinamvetsa chifukwa chake makina timawayatsa n'kuwasiya atenthe kaye tisanayambe. Ndinaona kuti diso likakwera m'mwamba limaona bwalo lalikulu, likatsika laling'ono, monga tochi imachitira pakhoma, ndiye ndodo iyenera kukhala pa msinkhu umodzi tsiku lililonse. Panali phunziro la mthunzi, losonyeza kuti woyeza aziyang'anizana ndi dzuwa kuti mthunzi wake ugwe kumbuyo, ndi lina la mafuta a m'zala pa mbale yoyera. Kabelu kakalira ndinkaomba m'manja, mpaka a m'sitolo anabwera kudzasuzumira.

Phunziro lachisanu ndi chimodzi linali ndi kamunthu koima pafupi ndi chomera, kagwira ndodo ngati yanga. M'mbali munali malaya a mitundu yosiyanasiyana, ndipo ukadina amodzi kamunthuko kankawavala. Ndinadina akuda, mzere unakhala pamalo pake. Ndinadina oyera, mzere unanyamuka. Timivi tinaonetsa dzuwa likugunda malaya, n'kudumphira pa chomera, n'kulowa m'diso. Ndinadina achikasu. Mzere unanyamukanso. Ndinadikira kuti Che Saidi amasulire mawu a pansi pake, koma iye ankangoyang'ana chitenje cha mpendadzuwa chimene chinali m'chiuno mwanga.

Sindinafunikire womasulira. Milungu itatu yonse ndinkaima pafupi ndi mpunga ndikuuthira kuwala kwa nsalu zanga, makina n'kumalemba ngati ndi kwa mpungawo.

Che Saidi anayamba kulankhula mofulumira. Anati zithunzi za pa kompyuta amakokomeza kuti munthu amvetse, ndodo ndi yaitali, mwina palibe chimene chinalowa. Ndinamupempha kuti tikayese. Dzuwa litatuluka mawa lake tinasankha phata limodzi la mpunga. Ndinayeza ndili ndi zitenje, kenako ndinakupereka iwe kwa iye, n'kuvula zitenje kuseri kwa bango, n'kuyezanso ndi chijasi chokha. Tinachita katatu. Mizere iwiri itaikidwa pamodzi inasiyana pang'ono, mpata wake ngati chikhadabo.

"Mwaona, mlongo? N'kachabechabe aka. Kuyambira mawa tizisamala, zapitazo zisiyeni. Mukanena, ine andikalipira, koma inu mupita."

Sankanena mwankhanza, ankandimvera chisoni. Koma kompyuta ija inali itandifunsa funso limene ndinalakwa kawiri ndisanakhoze, ndiye ndinkalikumbukira bwino: kusiyana kwa mpunga wathanzi ndi umene wangoyamba kumva ludzu nakonso kumakhala kochepa choncho.

Ndinakhala nazo masiku awiri ndikuingitsa mbalame kumunda. Ntchito imeneyi ndinkaifuna, ana anga, osati chifukwa cha malipiro okha. Kanali koyamba kuti munthu andifunse kuti mukuona bwanji, n'kudikira yankho. Ndikanakhala chete palibe akanadziwa. Koma ndikatembenuka ndinkaona munda wa Mayi Asiyatu, nthaka itayamba kung'aluka m'mphepete. Ndinauyeza nditavala chachikasu. Ndinaganiza kuti tsiku lina munthu wa mu ofesi adzayang'ana chithunzi cha munda wouma ngati umenewu, n'kuuyerekeza ndi mzere wanga wabodza, n'kunena kuti kumeneko zinthu zili bwino.

Meyi

A Dokotala anafika Lolemba, ali osangalala, atatibweretsera jombo zachiwiri. Ndinawapempha kuti ndilankhule nawo asanatsitse katundu. Ndinavala monga ndinkavalira masiku onse aja kuti aone okha, ndipo ndinanena zonse: apongozi, mjigo, phunziro lachisanu ndi chimodzi, phata la mpunga. Che Saidi anatsegula kompyuta n'kuonetsa mizere iwiri ija popanda kuuzidwa, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza mpaka lero.

Mayi aja anavula chipewa n'kukhala kumbuyo kwa galimoto. Kenako anatenga kope n'kundifunsa kuti tsiku lililonse ndinavala chiyani. Ndinali ndi zitenje zitatu zokha, ndiye sizinavute kukumbukira: tsiku limene ndinachapa chachikasu, tsiku limene iwe unasanzira chofiira tikuchokera kusikelo. Ankalemba, n'kumadula mizere m'kope mwawo. Masiku awiri a setilaiti aja onse anadulidwa. Kwa Che Saidi analankhula mawu ochepa a Chingerezi amene sindinawamve, koma makutu ake anamva. Kwa ine anati:

"Ndinakupatsani chijasi osakupatsani chifukwa chake. Kumeneko kulakwa ndi kwanga. Koma setilaiti ikudutsa Loweruka, ndipo ikadzabweranso mpunga udzakhala utadulidwa. Sindingakupatseni ndodo mutavala zowala. Ngati zakuda sizitheka, ndiuzeni pofika Lachinayi ndipeze wina."

Ndinabwerera kunyumba ndikuganizira mawu amenewo. Kuvala zakuda kunali kuthetsa mtendere wa banja, bambo anu ali kutali osatha kundiikira kumbuyo. Kukana kunali kubweza ndodo. Ndikutsuka mbale ndinakumbukira kuti pomasulira phunziro lija, pambuyo pake, Che Saidi anati zovala zakuda kapena zosabweza kuwala. Ndiye nkhani sinali mtundu umene maso akuona, nkhani inali mzere. Ngati makina amayeza mpunga, angalephere bwanji kuyeza nsalu?

Mmawa ndinapita kwa apongozi, ndinagwada chapatali monga mwa ulemu, n'kuwapempha kuti andibwereke zitenje zawo zonse zoderako kuti tikaziyeze.

"Nsalu zanga zikayezedwe? Zili ndi malungo?"

Ndinafotokoza mmene ndikanathera. Anati nsalu zawo sizipita kwa alendo popanda mwini wake. Anaphimba moto, anaika zitenje mu dengu, n'kunditsogolera okha kumunda, akudandaula njira yonse kuti milamba yawo ikapsa alipira ndi a Dokotala.

A Dokotala atamva maganizo anga maso awo anawala. Tinayala mkeka padzuwa, tinaloza diso pa mbale yoyera, n'kuyamba kuyala nsalu imodziimodzi. Chitenje cha buluu woderako, chimene apongozi ankapita nacho kutchalitchi, chinayamba bwino, mzere uli pansi, koma pofika pa kuwala kosaoneka kuja unalumpha. Chakhofi chimodzimodzi. Chobiriwira chakale chinaposa zonse kuipa. Nsalu ikalephera apongozi ankailanda n'kuipinda mokwiya ngati tainyoza. Dengu litatha anati, poti nsalu zawo zonse ndi zoipa, tiyeze chijasi chamalirocho aone ubwino wake. A Dokotala anaseka n'kuchiyala. Mzere unayenda pansi, pansi, kenako pa malo omwe aja unakwera. Sunafike pa zinzake, koma unakwera ndithu. A Dokotala anagwira pakamwa. Anati utoto wina wakuda umada m'maso mwathu mokha, ndipo iwo anagula zijasizo pamsika osaganiza zoziyeza.

"Ndiye mwavutitsa mudzi wonse ndi chinthu chosagwira ntchito," anatero apongozi, akumanga dengu.

Pamene ankawerama m'pamene ndinachiona. M'chiuno mwawo, pamwamba pa chitenje chabwino, munali chija ankavala powamba nsomba, chothimbirira ndi utsi wa zaka zambiri, cholimba ngati chikopa. Ndinawapempha. Anakana, anati chimenecho ndi chisanza, sangachiyale pamaso pa anthu ophunzira. Che Saidi anati amayi, makinawa alibe mphuno. Anamuyang'ana moopseza, koma anamasula n'kuchiponya pa mkeka.

Ndinatambasula ndodo, kathovu pakati. Che Saidi anangotembenuza kompyuta kuti tonse tione. Mzere unagona pansi kuyambira koyambira mpaka kumapeto, osadzutsa mutu ngakhale pa kuwala kosaoneka kuja. A Dokotala anati tibwereze. Tinabwerera ku mbale yoyera, tinayezanso, tinatembenuza nsalu, tinayezanso. Chimodzimodzi. Mayi wamkulu wophunzira uja anavina m'matope ndi jombo zake, akunena kuti mwaye umameza kuwala konse, kooneka ndi kosaoneka, ndipo n'chifukwa chiyani sanaganizepo.

Panatsala funso limodzi, ndipo ndinalifunsa ndikuyang'ana pansi. Ndinati kwa apongozi, kodi ndikavala chimenechi, anthu sadzati ndavala zakuda?

"Chakuda chiti? Ichi n'chobiriwira cha maluwa, ndinagula ndekha ku Songani. Wina akadzakufunsani, muzidzati mukuthandiza apongozi kuwamba nsomba."

Anandipatsa chimenecho, ndi china chachiwiri chokuberekera iwe, ndi bulauzi yawo ya kumoto. Loweruka kunacha kopanda mtambo ngakhale umodzi. Tinayeza kuyambira teni mpaka thu, munda ndi munda, osapuma, ine ndikununkha mlamba moti agalu awiri anatitsatira tsiku lonse. Tinamalizira kwa Mayi Asiyatu, ndipo phiri la mpunga wawo linatuluka lalifupi monga linayenera kukhalira. Potseka bokosi a Dokotala sanalankhule za Lachinayi lija. Anangondifunsa ngati ndingakwere bwato, chifukwa mwezi wotsatira tiyamba kuyeza madzi.

Bambo anu anatsika kunyanja patatha sabata, ali bwinobwino, thumba la matemba lili paphewa. Atandipeza ndikuchokera kuntchito ananunkhiza mpweya n'kunena kuti wathawa nsomba kunyanja, wadzapeza nsomba kunyumba.

Zaka zotsatira

Ndodo ija ndinaigwira mpaka tsitsi linayamba imvi. Tinayeza chimanga kwa Kuntumanji, tinayeza bango ndi madzi tili m'bwato, ndipo chaka chimene nyanja inaphwa tinayeza matope ong'aluka pamalo pamene bambo anu ankaponya ukonde. A Dokotala Malunga atasamukira kwina kunabwera mabwana ena. Wina anali wofulumira, ankafuna tiziyeza ngakhale mtambo uli pafupi ndi dzuwa kuti abwerere msanga ku tauni, ndipo ine ndinkangotsitsa ndodo n'kudikira mpaka anazolowera. Makina anasintha, anachepa mpaka kukwana m'dzanja. Maphunziro aja anachoka pa kambale n'kulowa m'foni. Koma aliyense watsopano, ngakhale wa madigiri, ankamukhazika pafupi ndi ine kuti adutse maphunzirowo, ndipo tikafika pa kamunthu kosintha malaya ndinkaimitsa kompyuta n'kumutuma kuti akabweretse zovala zake tiziyeze. Ambiri ankabwera ndi zakuda zatsopano, akunyada, n'kubwerera ali chete.

Agogo anu anakhala wowamba nsalu wa gulu lathu. Chaka chilichonse mvula ikatha tinkawapititsira zijasi, iwo n'kuzipachika pamwamba pa milamba kwa milungu ingapo, ndipo sankalola kuti chichoke asanakhutire okha. Kompyuta sanaigwirepo, koma nsalu ikabwera kuchokera koyezedwa ankafunsa kuti mzere wagona kapena wadzuka. Atamwalira ndinavala zakuda zenizeni, zogula, ndipo palibe anandifunsa kuti wamwalira ndani.

Bambo anu ali pakhondepa pamene ndikulemba, akusoka ukonde umene sadzauponyanso, ndipo akuti ndilembe kuti fungo lija silinathe m'nyumba mpaka lero. Ndalemba. Chitenje chili pansi pa sutikesicho ndi choyamba chija agogo anu anaponya pa mkeka. Ndikadzapita mudzagawane zina zonse mmene mungafunire, koma chimenecho musadzachiviike m'madzi. Sopo akachotsa utsiwo, mudzatsala ndi chitenje chobiriwira cha maluwa, chonga china chilichonse cha pa Songani.